Mabushi otha akufupikitsa moyo wa galimoto zakale m'minda ya tiyi ku Thyolo

THYOLO: Eni ndi madalaivala a galimoto zakale zomwe zimayenda m'misewu ya m'minda ya tiyi m'boma la Thyolo ayenera kumayang'anitsitsa mabushi a pansi pa bodi, chifukwa tizipangizo ta mphira timeneti tikatha galimoto imawonongeka msanga ndipo miyoyo ya okwera imakhala pa chiswe.

Boma la Thyolo ndi limodzi mwa maboma omwe amalima tiyi wambiri m'dziko muno. Muli minda ikuluikulu monga Conforzi, Makandi, Naming'omba, Makwasa komanso Satemwa, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1923 ndi a Maclean Kay. Munthu akangopatuka pa msewu wa phula wa M2, womwe umachokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi pa Thyolo boma kulowera ku Mulanje, amakumana ndi misewu yadothi yodzadza ndi zitunda, zitsetso ndi makhwawa.

M'misewu imeneyi ndi momwe mapikiapu akale a mtundu wa Toyota Hilux, Land Cruiser, Isuzu ndi Nissan amadutsa tsiku ndi tsiku atasenza anthu, feteleza, nkhuni ndi zokolola. Pa nyengo yothyola tiyi wambiri, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, mvula imakhala ili pakalikiliki, pomwe m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsanso misewu yomweyo. Tiyi wamuwisi sadikira. Akachedwa kufika ku fakitale amatentha m'matumba n'kutsika mtengo, choncho galimoto yofera panjira ndi chitayiko kwa mlimi.

Galimoto za mtundu umenewu zimapangidwa m'zigawo ziwiri. Pansi pamakhala chasisi, chomwe ndi chimango chachitsulo chonyamula injini, masipuling'i ndi matayala. Pamwamba pamakhala bodi, momwe mumakhala dalaivala ndi okwera. Zigawo ziwirizi sizikhudzana mwachindunji chifukwa pamalo aliwonse pomwe bauti ikuzilumikiza pamakhala mabushi, lina pamwamba pa chasisi ndi lina pansi pake, ndipo mkati mwake mumadutsa kapaipi kachitsulo.

Ntchito ya mabushiwa ndi kumeza kugwedezeka ndi phokoso lochokera mumsewu, kulola chasisi kupindika pang'ono pamalo osasalala popanda kung'amba bodi, komanso kusunga bodi pa msinkhu woyenera. Galimoto zing'onozing'ono monga Corolla, Probox ndi Sienta zilibe chasisi chapadera, komabe nazo zili ndi mabushi m'mikono yogwira matayala ndi pa chitsulo chomwe chimanyamula injini.

Mphira wa mabushi ndi wophikidwa ndi sufule kuti alimbe, luso lomwe Charles Goodyear wa ku America adalembetsa m'chaka cha 1844. Ngakhale zili choncho, mphira aliyense amakalamba. Kutentha ndi mpweya zimamuumitsa mpaka kuchita ming'alu, pomwe oilo ndi dizilo wodontha zimamufewetsa n'kumutupitsa. Katundu wopyola muyeso amamuphwanya mpaka kuphwatalala. Ku Thyolo vutoli limakula ndi matope ofiira omwe amamatirira pansi pa galimoto n'kusunga chinyontho kwa masiku ambiri, zomwe zimachititsa kuti dzimbiri lidye bauti, kapaipi ndi chitsulo chokhalapo bushi.

Chinanso n'chakuti galimoto zambiri m'dziko muno zimagulidwa zitagwirapo kale ntchito kunja, makamaka ku Japan, ndipo zimafika ndi mabushi omwe zidatuluka nawo ku fakitale zaka zambiri zapitazo.

Chizindikiro choyamba chakuti mabushi atha ndi kugogoda kapena kulira kwa zitsulo pansi pa mipando galimoto ikagunda dzenje, ikamanyamuka kapena ikamaima. Kenako zitseko zimayamba kuvuta kutseka, mipata ya pakati pa zitseko ndi bodi imasiyana, ndipo poyang'ana chakumbuyo bodi imaoneka yopendekera mbali imodzi. Vutoli likanyalanyazidwa, pansi poponda pamang'ambika ndipo fani imatha kuyamba kukhula chotchinga chake.

Choopsa kwambiri n'chakuti chiwongolero, mapaipi a mabuleki, nthambo ya handibuleki ndi mawaya a magetsi zimachokera ku bodi kupita ku chasisi. Bodi ikamasuntha, zonsezi zimakokeka ndi kukhulana. Paipi ya mabuleki yobooka pa chitsetso cha ku Thekerani kapena ku Makwasa ingathe kudzetsa ngozi yomwe mtengo wake sungafanane ndi wa mabushi ochepa chabe.

Kuyeza mabushi sikufuna zida zambiri. Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya, matope atsukidwe, kenako makaniko aunike ndi tochi pa bauti iliyonse. Bushi long'aluka, lophwatalala kapena lonyenyeka latha ntchito. Akalowetsa chitsulo chotukulira pakati pa bodi ndi chasisi, bodi siyenera kunyamuka momasuka. Ngati limodzi latha, ndi bwino kusintha onse, popeza bushi latsopano limakhala lalitali kuposa akale ndipo limasenza lokha kulemera konse.

Posintha, ntchito imayamba tsiku limodzi kapena awiri m'mbuyo pothira mafuta ofewetsa dzimbiri pa mabauti onse. Bauti yogwira dzimbiri ikakakamizidwa imaduka, kapena nati yowotchereredwa mkati mwa bodi imazuka, ndipo ntchito ya maola ochepa imasanduka ya masiku.

Pa tsiku la ntchito matayala atsekerezedwe ndipo batire lichotsedwe. Makaniko amamasula pang'ono mabauti a mbali zonse ziwiri, koma amachotseratu a mbali imodzi yokha kuti bodi isachoke pamalo pake. Jeke imaikidwa pamalo olimba a pansi pa bodi, thabwa lochindikala lili pakati, kuti chitsulo chisaphwanyike. Bodi imakwezedwa pang'onopang'ono, masentimita ochepa ongokwanira kusolola bushi lakale, wina akuyang'anira kuti mapaipi, mawaya, chiwongolero ndi paipi yothirira mafuta sizikukokeka.

Asadalowetse dzanja pakati pa bodi ndi chasisi, makaniko ayenera kuikapo zidutswa za matabwa olimba. Jeke yokha siyodalirika, ndipo njerwa sizoyenera chifukwa zimasweka mwadzidzidzi.

Bushi lakale likachoka, malo ake apalidwe ndi burashi yawaya. Ngati dzimbiri laboola chitsulo, pawotchereredwe kaye n'kupakidwa penti, apo ayi bushi latsopano lilibe pokhala. Mabushi asasokonezedwe chifukwa akutsogolo, apakati ndi akumbuyo amasiyana kukula. Mabauti odyeka asinthidwe ndi ena olimba mofanana, osati ogwiritsa ntchito pa zitseko za nyumba. Mbali imodzi ikatha, bodi imatsitsidwa mabauti ali omasuka ndipo ntchito imapita mbali inayo. Kumanga komaliza kumachitika makaniko atatsimikiza kuti zitseko zikutseka bwino, ndipo amamanga pa mlingo womwe opanga galimotoyo adalemba. Kumangitsa kwambiri kumaphwanya mphira watsopano. Pakatha masabata angapo, mabautiwo ayenera kuonedwanso.

Pa mabushi a m'mikono ya matayala ndi m'masipuling'i lamulo lake ndi lakuti mabauti amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, matayala ataponda pansi. Akamangidwa galimoto ili m'mwamba, mphira amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika msanga. Ntchito ikatha, matayala akayezedwe pa makina kuti asadyeke mbali imodzi.

Pogula, mwini galimoto amapeza mabushi a mphira ndi ena a polyurethane, omwe nthawi zambiri amakhala ofiira, achikasu kapena abuluu. A polyurethane amapirira oilo ndipo amakhalitsa, koma ndi ouma, choncho kugwedezeka kwa msewu kumamveka kwambiri m'galimoto, ndipo amalira akapanda kupakidwa girizi wake. A mphira ndi ofewa ndipo sayenera kupakidwa girizi wamba kapena oilo. Madzi a sopo ndi okwanira powalowetsa.

Chifukwa cha kukwera mtengo kwa zipangizo, amakaniko ambiri m'malo ochitira malonda amasema mabushi kuchokera ku matayala akale. Njirayi ingathandize kuti galimoto ifike pa galaja, koma mabushi oterewa sakhala ofanana msinkhu ndipo kawirikawiri alibe kapaipi koteteza bauti. Ndi chanzeru kutenga bushi lakale ndi nambala ya chasisi popita kukagula m'masitolo a zipangizo ku Limbe kapena ku Blantyre.

Malamulo a pamsewu m'dziko muno amafuna kuti galimoto ikhale ndi chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda, ndipo oyeza amaona zinthu monga mabuleki, chiwongolero ndi za pansi pa galimoto. Komabe mwini galimoto sayenera kudikira tsiku loyezetsa. Kutsuka matope a pansi, kutseka pomwe pakudontha oilo, kupewa katundu wopyola muyeso ndi kuchepetsa liwiro m'maenje kumatalikitsa moyo wa mabushi.

Kwa oyenda m'misewu ya m'minda ya tiyi, nthawi yabwino yoyeza ndi kusintha mabushi ndi m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mvula isadayambe komanso ntchito yonyamula tiyi isadachuluke.