Gretzky kapena Ovechkin: Katswiri Ndani?

Anzanga, pa 6 April 2025 Alex Ovechkin wa ku Russia anagoletsa chigoli chake cha nambala 895 mu ligi ya ice hockey ya NHL. Potero anapitirira Wayne Gretzky wa ku Canada, yemwe anapuma mu 1999 ali ndi zigoli 894. Chodabwitsa n'chakuti Ovechkin anafika pamenepo atasewera magemu 1,487, chimodzimodzi magemu onse amene Gretzky anasewera. Ndiye ambiri anangoti nkhani yatha, katswiri ndi Ovechkin basi. Ine ndikuti tisafulumire.

Poyamba ndifotokoze masewerawo, poti kwathu kuno ayezi timangomuona mu fuliji. Ice hockey imaseweredwa pabwalo la madzi oundana. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo kunsi, n'kumatsetsereka mwaliwiro. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6, kuphatikizapo wapagolo. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kachinthu kolimba ka labala, kozungulira ndi kaphwatalala, kotchedwa puck. Gemu imakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Ligi ya NHL ili ndi matimu a ku Canada ndi United States.

Vuto poyerekeza osewera a mibadwo yosiyana n'lakuti masewerawo amasintha. Taonani izi. Mu sizoni ya 1944–45 Maurice Richard anagoletsa zigoli 50 m'magemu 50, ligi ili ndi matimu 6 okha. Pa nthawi imene Gretzky anali pachimake, m'zaka za m'ma 1980, matimu anali 21 ndipo magemu anali 80 pa sizoni. Ovechkin waphwanya mbiri matimu ali 32, magemu 82. Wosewera magemu ambiri ali ndi mpata wambiri wogoletsa, si choncho?

Apagolo nawonso asintha. Kale ankaima pagolo nkhope ili pamtunda, mpaka Jacques Plante anayamba kuvala chotchinga kumaso mu 1959. M'nthawi ya Gretzky ambiri ankatchinga ataimirira, atavala zodzitetezera zazing'ono. A masiku ano ndi zimphona, zovala zawo n'zazikulu, ndipo amagwada n'kutambasula miyendo kutseka kunsi konse kwa golo. N'chifukwa chake mu 1981–82 gemu imodzi inkatulutsa zigoli pafupifupi 8, pomwe pa zaka zambiri za Ovechkin zinkakhala pakati pa 5 ndi 6. Komanso osewera a ku Soviet Union anayamba kuloledwa kupita ku NHL mu 1989, mpikisano n'kukula. Apa Ovechkin ali ndi pogwira.

Koma nayenso Gretzky ali ndi pogwira. Ankasewera ndi ndodo zolemera, zambiri zamtengo, pomwe a lero ali ndi ndodo zopepuka za carbon zomenya mwamphamvu. Ali ndi madokotala ambiri, zakudya zosankhidwa bwino ndi mavidiyo oonerapo zofooka za adani. Amene amati Gretzky sakanalimba lero amaiwala kuti akanabadwa lero nayenso akanapeza zonsezi.

Nanga tichite bwanji? Njira imene ndimaiona yachilungamo ndi imene timaidziwa kale m'kalasi. Wina akapeza 70 pa mayeso osavuta, wina 60 pa mayeso ovuta, sitingaweruze ndi malikisi okha. Timafunsa kuti anakhala nambala chani, ndipo anasiya anzake patali bwanji. Wosewera naye timuyeze ndi anzake a nthawi yake.

Tiyeni tiyese. Mu 1981–82 Gretzky, ali ku Edmonton Oilers, anagoletsa zigoli 92, ndipo womutsatira, Mike Bossy, anali ndi 64. Mu 2007–08 Ovechkin wa Washington Capitals anagoletsa 65, womutsatira Ilya Kovalchuk 52. Pa sizoni imodzi Gretzky ndiye anasiya anzake kutali. Koma Ovechkin anatsogola ligi pa zigoli masizoni 9, Gretzky 5. Pa kugoletsa chaka ndi chaka osafooka, Ovechkin alibe mnzake.

Tsono hockey si zigoli zokha ayi. Amawerengeranso wopatsira mnzake kuti agoletse, ndipo chigoli ndi kupatsira zonse zimapatsa wosewera pointi imodzi. Gretzky anapatsira ka 1,963, ndipo mapointi ake onse ndi 2,857. Wachiwiri m'mbiri ya ligiyi, Jaromir Jagr, ali ndi 1,921. Mwaiona nkhaniyo? Ngakhale Gretzky akanapanda kugoletsa n'chimodzi chomwe, akanakhalabe woyamba pa mapointi. Anatenganso chikho cha Stanley Cup kanayi, Ovechkin kamodzi mu 2018, ngakhale chikho chimadalira timu yonse.

Maganizo anga ndi awa: pa kugoletsa Ovechkin ndiye dolo, chifukwa wachita zimenezi apagolo atavuta. Koma wosewera amene anaposa m'badwo wake kwambiri ndi Gretzky, ndipo n'chifukwa chake palibe timu ya NHL imene imaperekanso jezi nambala 99.

Mkanganowu ndi womwe uja timakhala nawo pa buleki wa Pele ndi Messi. Musanakweze mawu, funsani kaye kuti ankasewera ndi yani, pa malamulo ati, ndipo anzake anawasiya patali bwanji. Wotsutsana nane alembe yake, tidzaiwerenge pabolodi pompano.