CHIZUNGULIRE CHOSATHA: MATENDA OSAONEKA AMENE AMAGWETSA MUNTHU AKAYIMIRIRA

TETE — M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika pamutu mumzinda uno, kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa bicha ya madzi, podikira chapa, pakhomo la banki, anthu amayima nthawi yaitali. Sipalephera kupezeka mmodzi amene wakhala pansi, mutu uli pakati pa maondo, anzake akumukupiza ndi kapulana. Ambiri mwa otere akamwa madzi ndi kupuma pamthunzi amadzuka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma alipo ena amene chizungulire sichiwachoka. Chimawapeza m'nyengo yotentha ndi yozizira yomwe, mumzinda wa Tete ngakhalenso kumapiri ozizira a ku Angónia ndi Tsangano. Akagona ali bwino. Akayimirira maso amachita mdima, makutu amalira, mtima umagunda ngati ng'oma. Mwezi umatha, chaka chimatha, zinthu zili chomwecho.

Madokotala akuti ambiri mwa anthu amenewa ali ndi vuto m'mitsempha imene imayendetsa thupi payokha. Ndi matenda enieni, ali ndi maina, ndipo chiyambi cha kuwapeza sichifuna makina odula.

Tsiku la munthu wachizungulire

Mayi amene ali ndi vutoli tsiku lake limayamba movuta. M'mawa ndiyo nthawi yoipitsitsa, chifukwa usiku wonse thupi lataya madzi. Akadzuka msanga pa mphasa amadzandira ngati waledzera. Kuwerama pamoto kenaka n'kuweramuka ndi poto wa madzi otentha ndi ngozi. Kusenza ndowa kuchokera kuchitsime, mwana ali kumsana, ndi ngozi ina. Kuchapa m'mbali mwa Zambezi, kumene kugwa kamodzi kungakhale kotsiriza, kumafuna wina womuyang'anira.

Bambo wa vuto lomweli amasiya khasu dzuwa lisanakwere, ndipo munda umalowa thengo. Wogulitsa pamsika amasiya benchi lake kwa mnzake. Mwana wa sukulu amagwa pa mzere wa m'mawa. Chakudya m'nyumba chimachepa.

Chimene chimapweteka kuposa kugwa ndi maso a anthu. Wodwalayo alibe bala, thupi silitentha, sanaonde. Apongozi amati ndi ulesi. Anansi amati mwina ali ndi pakati, mwina amamwa mobisa. Ena amati ndi mizimu, banja n'kugulitsa mbuzi kuti lipite kwa sing'anga. Ndipo popeza kuno chizungulire chilichonse chimatchedwa malungo kapena kuchepa kwa magazi, munthu amamwa mankhwala a malungo kangapo ngakhale kuyeza kwaonetsa kuti alibe.

Chimene chimachitika m'thupi

Thupi la munthu lili ndi mitsempha ya mauthenga imene sidikira kulamulidwa. Ndiyo imayendetsa kugunda kwa mtima, kutuluka thukuta, kugaya chakudya, chikhodzodzo ndi kuthamanga kwa magazi. M'Chipwitikizi imatchedwa sistema nervoso autónomo.

Munthu akayimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira kumiyendo ndi m'mimba, monga momwe madzi amatsikira kumunsi kwa dimba. M'khosi ndi pafupi ndi mtima muli tizigawo timene timamva kuti magazi achepa mphamvu, ndipo timatumiza uthenga ku ubongo. Nthawi yomweyo njira za magazi zimafinyika, mtima umaonjezera pang'ono liwiro, magazi n'kubwerera kumutu. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, mwini wake osadziwa.

Mitsemphayi ikafooka, uthenga umachedwa kapena sufika. Ubongo umalandira magazi ochepa. Ndiye mdima m'maso, kufooka kwa maondo, kupweteka kwa khosi ndi mapewa, maganizo osalongosoka, ndipo nthawi zina kukomoka.

Mitundu iwiri ndiyo imadziwika kwambiri. Woyamba ndi kugwa kwa tensão, ndiko kuti mphamvu ya kuthamanga kwa magazi, munthu akayimirira. Madokotala awiri a ku America, Bradbury ndi Eggleston, anafotokoza odwala otere m'chaka cha 1925. Mu 1996 akatswiri anagwirizana muyeso wake: nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20, kapena ya pansi ikatsika ndi 10, pasanathe mphindi 3 munthu atayimirira. Mtundu umenewu umakonda achikulire.

Wachiwiri umatchedwa POTS. Dzinali linakhazikika mu 1993 kudzera m'ntchito ya madokotala Schondorf ndi Low ku chipatala cha Mayo Clinic ku America. Pamenepa tensão sigwa, koma mtima umathamanga mopitirira: umaonjezera kugunda ka 30 kapena kuposa pa mphindi imodzi, pasanathe mphindi 10 munthu ali chiyimire. Kwa achinyamata a zaka 12 mpaka 19 muyeso wake ndi 40. Ambiri odwala mtundu umenewu ndi atsikana ndi amayi a zaka za pakati pa 15 ndi 50. Vutoli si lachilendo padziko. Mu 1871 dokotala Jacob Da Costa analemba za asilikali a nkhondo ya pachiweniweni ya ku America amene mtima unkawathamanga ndi kuchita chizungulire popanda bala lililonse.

Chizungulire chili pawiri

M'chinenero chathu mawu ndi amodzi, koma anamwino amasiyanitsa. Pali chizungulire chimene munthu amamva ngati akomoka, maso kuchita mdima. Chimenechi kawirikawiri chimachokera ku magazi osafika bwino kumutu. Pali china chimene nyumba, mitengo ndi denga zimaoneka ngati zikuzungulira. Chimenechi kawirikawiri gwero lake ndi mkati mwa khutu, m'mene muli tizigawo tothandiza munthu kuyima osapendama.

Mwachitsanzo, timiyala tating'ono kwambiri ta m'khutu tikachoka pamalo pake, munthu akatembenuka pogona dziko limazungulira kwa masekondi angapo. Vuto limeneli limatha ndi njira yotembenuza mutu imene dokotala John Epley anafalitsa mu 1992, popanda mankhwala.

Komabe ziwirizi zimakumana. Khutu la mkati limatumizanso mauthenga ku mitsempha yoyendetsa magazi ndi m'mimba, n'chifukwa chake amene dziko likumuzungulira amachita nseru ndi thukuta lozizira. Munthu mmodzi angakhale nazo zonse ziwiri. Choncho wodwala akafika kuchipatala asangoti "chizungulire." Afotokoze ngati ndi mdima kapena kuzungulira, chimayamba akutani, chimatenga nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati chimaleka akagona.

Zimene zimafooketsa mitsemphayi

Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi matenda a shuga amene akhala zaka zambiri osasamalidwa, pakuti shuga amadya mitsempha pang'onopang'ono. Apa dziko la Mozambique lili ndi chifukwa chodera nkhawa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2005 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 3 pa 100 aliwonse anali ndi shuga. Pofika mu 2015 chiwerengero chinali chitapitirira 7 pa 100.

Zifukwa zina ndi kumwa mowa kwa zaka zambiri, kachilombo ka HIV, matenda onjenjemera a Parkinson, kuchepa kwa vitamini B12, ndi ukalamba. POTS nthawi zambiri imayamba munthu atangochira matenda ena otentha thupi, atachitidwa opaleshoni, kapena atabereka. Kuyambira mu 2020 madokotala m'maiko ambiri anaona odwala atsopano pakati pa anthu amene anadwalapo Covid-19.

Mankhwala nawonso angabweretse chizungulire: a tensão, okodzetsa monga hydrochlorothiazide, ndi amitriptyline. Jekeseni wa streptomycin ndi gentamicin angaononge mkati mwa khutu. Koma anamwino akuchenjeza kuti munthu asasiye yekha mankhwala amene anapatsidwa. Awatenge onse m'thumba, akawaonetse kuchipatala.

Kuyeza kwa mphindi khumi

Chizolowezi n'chakuti tensão imayezedwa munthu atakhala pampando, kamodzi kokha. Kwa wodwala amene tikunenayu, muyeso umenewo umatuluka wabwino, ndipo amabwerera kunyumba akuoneka ngati wonama. Vuto lake limabisala akakhala pansi.

Kuyeza koyenera n'kosavuta. Wodwala amagona chagada mphindi 5. Namwino amayeza tensão ndi kuwerenga kugunda kwa mtima. Kenaka wodwala amayimirira, wina ali pambali kuti amugwire. Namwino amayezanso pakatha mphindi 1, pakatha mphindi 3, ndipo ngati akukayikira POTS amapitiriza mpaka mphindi 10. Zofunika ndi makina a tensão a pamkono, wotchi ndi pepala. Ndi bwino kuyeza m'mawa, ndipo kamodzi sikokwanira, chifukwa vutoli lili ndi masiku ake.

Pamodzi ndi zimenezi amayeza malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga ndi mimba. Kuchepa kwa magazi, kutsegula m'mimba ndi njala zimabweretsa chizungulire chofanana, ndipo zimenezi zimachiritsika msanga. Zikachotsedwa koma vuto likadalipo, wodwala angatumizidwe kwa dokotala wa kuchipatala chachikulu.

Wosambira wa mendulo za golide

Amene amati matendawa ndi ulesi amve nkhani ya Katie Ledecky, mkazi wa ku America, katswiri wa mpikisano wosambira. Mu 2015, pa mpikisano wa dziko lonse mumzinda wa Kazan ku Russia, anapambana mendulo 5 za golide. Ndi nthawi yomweyo imene anayamba kumva kutentha ndi chizungulire. Madokotala atamuyeza anapeza POTS.

Iye anasunga nkhaniyi kwa zaka zambiri, n'kudzaiulula mu 2024 m'buku la moyo wake lotchedwa Just Add Water. Chaka chomwecho anasambira pa masewera a Olympics ku Paris, ndipo mendulo zake za golide za pa masewerawa zinakwana 9. Chithandizo chimene amatsata n'chodziwika: madzi ambiri, mchere woonjezera, ndi zovala zofinya miyendo. Masewera ake enieniwo amamuthandiza, popeza wosambira amalimbitsa thupi ali chogona.

Si onse amene zimawayendera chomwecho. Ena matendawa amawagoneka miyezi. Koma nkhani yake ikuonetsa kuti ngakhale munthu wamphamvu ndi wolimbikira angathe kugwidwa nawo.

Kukhala nacho tsiku ndi tsiku

Kwa ambiri mankhwala ochotseratu vutoli palibe, koma njira zolichepetsa zilipo. Podzuka, munthu ayambe wakhala m'mphepete mwa pogona mphindi imodzi kapena ziwiri, akugwedeza mapazi, ndiye ayimirire atagwira khoma. Amwe madzi malita 2 mpaka 3 pa tsiku. Kumwa theka la lita mwamsanga asanapite koyima nthawi yaitali kumakweza tensão m'mphindi zochepa, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi ola limodzi.

Chizungulire chikayamba ali pa bicha, apingase miyendo ndi kulimbitsa ntchafu ndi matako, kapena anjute. Chikapitirira agone pansi, miyendo m'mwamba, osachita manyazi. Nsima yambiri nthawi imodzi imakokera magazi m'mimba, choncho ndi bwino kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Mowa, madzi osamba otentha kwambiri ndi dzuwa la masana zimakulitsa vutoli. Ntchito ya kumunda ichitike dzuwa litapepa, ndipo abambo akadzuka usiku kukataya madzi achite atakhala.

Amene amagona pa bedi angakweze miyendo ya kumutu ndi njerwa, masentimita 15 kapena 20. Masokosi ofinya ofika m'chiuno ndi lamba wotakata wa pamimba zimaletsa magazi kudikha kumunsi. Kugona tsiku lonse chifukwa cha mantha kumafooketsa thupi koposa, choncho wodwala alimbitse miyendo tsiku lililonse, kuyamba ali chogona pa mphasa.

Za mchere pali chenjezo. Umathandiza ena, koma ndi woopsa kwa amene ali ndi tensão yokwera, matenda a mtima kapena a impso, ndiponso kwa amayi apakati. Asaonjezere mchere popanda mawu a dokotala. Chimodzimodzinso mankhwala monga fludrocortisone ndi midodrine, amene amaperekedwa ndi dokotala yekha.

Pali chizungulire chimene sichidikira mawa. Chikabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kulephera kuyankhula, kupweteka pachifuwa, mutu waukulu, chimbudzi chakuda, kapena kutaya magazi kwa mayi wapakati, munthuyo athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Mbali ya banja

Zambiri mwa njirazi wodwala sangazikwanitse yekha. Pamafunika wina womutungira madzi, wina womusungira malo pa bicha iye atakhala pamthunzi, ndi chigoda pafupi ndi moto kuti aziphika atakhala. Mphunzitsi angalole mwana kukhala pansi pa mzere wa m'mawa. Mwamuna angafotokozere abale ake kuti mkazi wakeyo akudwala.

Mabanja amene ali ndi munthu wotere akulangizidwa kuti ulendo wotsatira wa kuchipatala apite m'mawa, atenge mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndipo apemphe mwaulemu kuti amuyeze kawiri: ali chogona, ndiponso ali chiyimire.