Kasungidwe ka Jenereta pa Doko

Masiku ano madoko ambiri ali ndi majenereta. Asodzi a usipa amatchajira mabatire a nyali zawo, ena amayendetsera furiji ndi kutchajira mafoni. Koma tikamayendera makomiti a m'madoko timapeza majenereta ambiri atafa, ndipo ambiri mwa iwo sanafere pa ntchito ayi. Anafa ali chikhalire m'nyumba, pa nthawi imene mwera unakula kapena nyanja itatsekedwa.

Chimene chimawapha kwambiri ndi petulo wogonera. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kunyanja kuno chinyezi sichisowa. Petulo wotere akakhalitsa mwezi umodzi kapena iwiri amasiya zomata zonga phula zimene zimatseka timabowo ta m'kabuleta. Tsiku lobwerera pa madzi mudzakoka chingwe mpaka mkono kuwawa, anzanu atapita kale.

Choncho ngati jenereta ikhale mwezi osagwira ntchito, tsekani kampopi ka mafuta injini ikulira, ndipo muisiye mpaka izime yokha. Tsanulirani petulo wotsala m'chigubu chotseka bwino. Masulani pulagi, thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pa bowolo, kokani chingwe pang'onopang'ono kangapo kuti oyiloyo afike ponse, kenaka bwezerani pulagi. Izi zimateteza dzimbiri m'kati mwa injini. Iikeni pa thabwa, osati pa mchenga, ndipo muifunditse nsalu kapena chiguduli. Pepala la pulasitiki limasunga chinyezi.

Pa nkhani ya oyilo, dziwani mtundu wa jenereta yanu. Tating'ono tambiri timafuna oyilo wa 2T wosakaniza ndi petulo, kawirikawiri mamililita 20 pa lita imodzi, koma onani zimene zalembedwa pa thanki. Zazikulu zili ndi malo akeake a oyilo. Onani mlingo wake musanalize, ndipo musinthe ikagwira maola 20 oyamba ngati ili yatsopano, kenaka pakati pa maola 50 ndi 100. Kasiponji kosefa mpweya kamadzaza msanga ndi mchenga wa pa doko. Kachapeni ndi sopo, kaume, n'kudonthezapo oyilo pang'ono.

Tikudziwa kuti ena mumaliza jenereta m'nyumba poopa akuba. Chonde lekani. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha banja lonse lili m'tulo. Ilizeni panja, kutali ndi zitseko ndi mawindo, ndipo ngati mukuopa akuba imangeni ndi tcheni. Musathire petulo injini ili yotentha.

Oyilo wakutha asatayidwe m'nyanja kapena pa mchenga pamene amayi amayanikira nsomba, chifukwa amaononga malo oswanirana nsomba m'mbali mwa gombe. Tikupempha komiti iliyonse kuti iike mgolo umodzi pa doko wothiramo oyilo wotere, ndipo isankhe membala woyang'anira mgolowo.