Kompyuta yopanda intaneti nayonso imagwidwa ndi vayirasi

M'masukulu, m'maofesi a mipingo ndi m'timashopu totayipa makalata ku Lundazi si zachilendo kupeza kompyuta yomwe ikuyendabe ndi Windows XP kapena Windows 7. Zambiri zinafika kuno zitagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a ku Ulaya, ndipo pano zimasunga mayina a ophunzira, zotsatira za mayeso, kaundula wa zopereka ndi makalata ofunsira ntchito. Eni ake ambiri amakhulupirira kuti popeza makinawo sanalumikizidwepo ku intaneti, palibe choopsa chingawagwere. Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ntchito ya zaka zambiri tsiku limodzi.

Makompyutawa anachuluka boma la Zambia litasintha maphunziro mu 2013 ndi kuika phunziro la makompyuta m'makalasi a Giredi 8 ndi 9. Mayeso oyamba analembedwa mu 2015, ndipo m'masukulu ena ana anadikirana mpaka usiku chifukwa makina anali ochepa, kwina magetsi kunalibe. Bungwe la ZICTA linagawa makompyuta m'masukulu, ndipo mabungwe ngati Camara Education ankabweretsa makina okonzedwanso kuchokera kunja. Sukulu yakumudzi ikalandira kompyuta, imaisunga mpaka itafa yokha, ndipo palibe angaidzudzule pa zimenezo.

Vuto lili mu pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene ambiri timangoitchula kuti Windows. Ndi imene imalamula kibodi, sikirini, printa ndi mafayilo. Pulogalamu yotere imakhala ndi ming'alu imene opanga ake sanaione, ndipo ikapezeka amatulutsa zigamba zotsekera. Kampani ya Microsoft inatulutsa Windows XP mu 2001 ndipo inaleka kuikonza pa 8 Epulo 2014. Windows 7 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020, pomwe Windows 10 inafika mapeto ake pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta sisiya kuyaka tsiku limenelo likafika. Chimene chimasintha n'chakuti ming'alu yambiri yopezeka pambuyo pake imakhala yosatseka.

Nanga wolowa pa mng'aluwo adzera kuti ngati intaneti palibe? Adzera pa flashi. Mphunzitsi amatayipa mayeso kusukulu, n'kupita nawo kushopu ya pa boma kukasindikiza, n'kubwerera. Flashi yomweyo mawa ibwerekedwa ndi mnzake wofuna nyimbo. Aliyense amene wagwiritsapo flashi m'mashopu amaidziwa vayirasi imene imabisa mafoda enieni n'kusiya tizizindikiro tonamizira, munthu akadina ndiye kuti waiyambitsa yekha. Vayirasi ya Conficker, yomwe inabuka mu 2008 n'kugwira makompyuta mamiliyoni, inkayendanso pa maflashi. Ngakhale makina a pamalo oyengera uranium ku Natanz m'dziko la Iran, amene sanali pa intaneti, anaonongedwa ndi Stuxnet yomwe inadziwika mu 2010, ndipo inapangidwa kuti izitha kuyenda pa flashi. Ngati malo otetezedwa chotero analowedwa, ofesi ya ahedi ku Lumezi kapena ku Chasefu singadzitame.

Choyamba kuchita si kuika Windows yatsopano ayi. Ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa malo awiri osiyana, kenako n'kuwatsegula pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutsegukadi. Ndikutsindika zimenezi chifukwa hadi disiki ya zaka khumi ndi zisanu imatha kufa pomwe mukuipanikiza ndi ntchito yaikulu yoika pulogalamu. Mukatero tsegulani bokosi la kompyuta mutazula nthambo ya magetsi, mupemerere fumbi la chilimwe limene limatseka fani. Pa bolodi lalikulu pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kakatha, kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi ikangochotsedwa ku magetsi, ndipo mafayilo amalembedwa masiku olakwika. Kusintha kabatireka n'kotsika mtengo.

Ngati mwasankha kukhalabe ndi Windows yakale, ipatseni zigamba zikuluzikulu zomwe zinatuluka. Za XP ndi Service Pack 3 ya mu 2008, fayilo yopitirira pang'ono ma MB 300. Za Windows 7 ndi Service Pack 1 ya mu 2011 ndi mulu wa zigamba wa mu 2016. Palinso chigamba chapadera chomwe Microsoft inatulutsira XP mu Meyi 2017, vayirasi ya WannaCry itasokoneza zipatala za ku Britain. Izi zimatsitsidwa pa kompyuta ina ya intaneti n'kunyamulidwa pa flashi yofufutidwa bwino kapena pa CD, makamaka kuchokera pa tsamba la Microsoft Update Catalog pa zimene zikadalipo. Kenako zimitsani AutoRun, njira imene imachititsa kompyuta kutsegula yokha zili pa flashi ikangolowetsedwa. Ana asukulu apatsidwe akaunti wamba, yopanda mphamvu yoika mapulogalamu. Koma zonsezi zimangochepetsa ngozi, sizibwezera XP paunyamata.

Chiyeso chachikulu ndi kupita kwa wokonza makompyuta kuti aikemo Windows yatsopano. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makina a nthawi ya XP alibe. Kompyuta ya RAM ya 1 GB ikakakamizidwa Windows 10 imayenda mwaulesi mpaka mwana amatha phunziro asanatsegule chikalata. Komanso Windows zambiri zoikidwa motchipa ndi zobedwa, ndipo kapulogalamu kothyolera loko wake nthawi zina kamabwera ndi vayirasi kale.

Njira yomwe ndimaikonda pa makina ophunzitsira ndi Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds anayamba mu 1991. Mitundu yake yopepuka monga antiX ndi Puppy Linux inapangidwira makina akale, ndipo mavayirasi a Windows oyenda pa flashi sagwira ntchito mmenemo. Muyenera kudziwa kaye ngati kompyuta yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa Ubuntu ndi Linux Mint za masiku ano zinasiya makina a 32-bit. Ubwino wina ndi wakuti Linux imatha kuyesedwa kuchokera pa flashi kapena CD osafufuta chilichonse, mpaka mutaona ngati sikirini, mawu ndi printa zikugwira. Mukaikamo LibreOffice mumatayipa ndi kuwerengera. Mukawonjezera Kiwix, Wikipedia imawerengedwa popanda intaneti, ndipo Kolibri imabweretsa maphunziro a masamu ndi sayansi. Kwa sukulu yomwe ili kutali ndi msewu wa Chipata, komwe netiweki imavuta ndipo mabandulo amadula, zimenezi ndi laibulale yathunthu.

Linux si ya kompyuta iliyonse. Mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso ayenera kuona ngati mabuku ndi mafunso akutsata Microsoft Word ndi Excel, chifukwa mabatani a LibreOffice ali m'malo ena. Printa zina zakale zimakana. Kompyuta ya kuchipatala yosunga za odwala, monga ya SmartCare, kapena yolumikizidwa ku makina a mu labu, isakhudzidwe ndi munthu wina aliyense kupatula akatswiri a Unduna wa Zaumoyo. Makina otere angotetezedwa pokana maflashi achilendo ndi powaikira UPS, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi zolembedwa zisaonongeke.

Kompyuta ikafa ndithu, zulani hadi disiki musanaipereke kwa wina, chifukwa mayina ndi zinsinsi za anthu zimakhalabe mmenemo. Isatayidwe kudzala kapena kuotchedwa pofuna mkuwa wa m'nthambo. Galasi la masikirini akale achimimba lili ndi mtovu wambiri, umene umaononga ubongo wa ana ukalowa m'nthaka ndi m'madzi a pachitsime, ndipo utsi wa pulasitiki wa nthambo umapweteka mapapo. Sukulu ikhoza kusunga makina akufawo m'chipinda chouma, n'kumachotsamo RAM, fani ndi mapawa sapulayi okonzera anzake, kwinaku ikufunsa ku khonsolo kapena ku bungwe loona za chilengedwe la ZEMA za kumene zotsalazo zingapite.