Kodi country ndi nyimbo za azungu a zipewa zikuluzikulu?

Kunyumba zambiri kuno kwathu, Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton ali ngati achibale. Tinakula tikuwamva pa wailesi ya MBC ndi pa makaseti a madala, ndipo mpaka lero dalaivala wa basi ya ulendo wautali sasowa kanyimbo kawo. Koma mukafunsa kuti nyimbozi zinachokera kuti, yankho silichedwa: ndi za azungu oweta ng'ombe, ma cowboy aja a m'mafilimu. Si bodza lamkunkhuniza ayi, kungoti nkhaniyi yadulidwa mutu.

Country sinabadwire kubusa. Mizu yake ili kum'mwera chakum'mawa kwa America, makamaka m'mapiri a Appalachia, kwa alimi osauka amene makolo awo anachokera ku England, Scotland ndi Ireland atanyamula vayolini ndi nyimbo zakwawo. Mu 1927 Ralph Peer anakatchera makina ojambulira mawu m'tauni ya Bristol, ku Tennessee, n'kujambula Carter Family ndi Jimmie Rodgers. Rodgersyo sanali woweta ng'ombe, ankagwira ntchito kunjanji. Zipewa ndi majombo zinafala m'ma 1930, mafilimu a Gene Autry atagwira msika, oimba n'kuona kuti chovalacho chikugulitsa malonda.

Nanga banjo, imene ambiri amaiyesa chida cha azungu? Anayamba kuipanga ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa. Ankadula chipanda, n'kukungapo chikopa, n'kulowetsa mtengo womangirira nsambo. Mbale wake, akonting, akuimbidwabe ndi anthu a mtundu wa Jola ku Senegal ndi ku Gambia. Ndiye mukaona mnyamata wasema thabwa, waboola chitini cha mafuta, wakunga mawaya a mabuleki a njinga, musati akutengera za eni. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo, ndi banjo yake ija, ankaimba chida chimene chinangobwerera kwawo.

Anthu akuda analiponso kuyambira pachiyambi, kungoti mayina awo sankatchulidwa. Lesley Riddle ankayenda ndi A.P. Carter wa Carter Family uja m'midzi kusaka nyimbo: Carter ankalemba mawu, Riddle n'kusunga maimbidwe m'mutu. Hank Williams, amene ambiri amamutenga ngati tate wa country yamakono, anaphunzira gitala ali mwana kwa Rufus Payne, woimba wakuda wa m'misewu ya ku Alabama. Mu 1930 Louis Armstrong analiza lipenga mu "Blue Yodel No. 9" ya Jimmie Rodgers. Amene anamanga mpanda ndi makampani a zimbale: za azungu ankazigulitsa pa dzina la "hillbilly", za akuda pa dzina la "race records". Mpandawo unalimba moti mu 1966, kampani ya RCA itatulutsa nyimbo zoyamba za Charley Pride, inazitumiza kumawailesi popanda chithunzi chake, ndipo anthu anayamba amva mawu asanaone khungu. Anawakondadi. Pride anakhala mmodzi mwa oimba ogulitsa kwambiri a kampaniyo, ndipo anamwalira mu 2020.

Palinso kachikhulupiriro kena kamene kamavuta pa maukwati. Ambiri amati "I Will Always Love You" ndi ya Whitney Houston, ndiponso kuti ndi yomangitsa banja. Whitney anaiimba bwino zedi mu 1992, mu filimu ya The Bodyguard, palibe angatsutse. Koma anaipeka ndi Dolly Parton mu 1973, ndipo ndi nyimbo yotsanzika: ankasiyana ndi Porter Wagoner, amene anagwira naye ntchito zaka zingapo pa pulogalamu yake ya pa TV. Elvis Presley anaifuna, koma manijala wake, Colonel Tom Parker, anati apatsidwe theka la umwini wa nyimboyo. Dolly anakana, ndipo Whitney ataiimba ndalama za wopeka zinapita kwa mwini wake.

Choncho inu a komiti ya ukwati, musanauze DJ kuti aiike pamene akwati akudula keke, pezani wina akumasulireni mawu ake kaye. Woimbayo akunyamula katundu, akupita.