FANTOMAH, MLONDA WA NKHALANGO

Ku dziko la America kuli timabuku ta ana timene amaticha makomiki. M'timabuku timeneti nkhani isimbidwa ndi zithunzi zondondozana, ndipo mau amene munthu alankhula alembedwa m'kati mwa kamzere kozungulira kocokera pakamwa pace. M'caka ca 1938 munaturuka nkhani ya Superman, munthu wa mphamvu zodabwitsa. Ana anaikonda kwambiri, kotero kuti osindikiza mabuku ambiri anayamba kufunafuna anthu odziwa kujambula kuti awapangire ngwazi zina zotere.

Mmodzi wa ojambulawo anali Fletcher Hanks. Kawirikawiri nchito ya komiki inali kugawidwa, wina kulemba mau, wina kujambula, ndi winanso kudetsa mizere ndi inki. Koma Hanks anali kucita zonsezi yekha. Sanali kulemba dzina lace leni-leni pa nkhani zace zonse, ndipo pa nkhani imene tiphunzire lero analembapo dzina lakuti Barclay Flagg.

Nkhaniyo ndi ya Fantomah, mkazi amene anaoneka koyamba mwezi wa February 1940, m'kabuku kaciwiri ka Jungle Comics kosindikizidwa ndi a Fiction House. Ambiri amuwerenga iye pakati pa akazi oyamba a mphamvu zodabwitsa m'makomiki, pakuti Wonder Woman, amene achuka kufikira lero, anadza pambuyo pace kumapeto kwa 1941.

Fantomah anali mlonda wa nkhalango ya mu Africa. Anali mkazi wokongola wa tsitsi lalitali, wodziwa kuuluka ndi kuona zinthu zocitika kutali. Pakudza anthu oipa, monga akuba minyanga ya njobvu kapena ofuna kulanda dziko, iye anali kuyamba wawacenjeza. Akapanda kumva, pomwepo nkhope yace inali kusanduka cigaza ca munthu wakufa, thupi lace nilibiriwira ngati thambo, ndipo cilango cimene anali kupereka cinali coopsya ndithu. Ena anali kuwasandutsa zirombo zosaoneka bwino.

Koma ana inu, mukadzaona zithunzizo, musadzayembekeze kupeza Africa amene mumdziwa. Nkhalango yace ndi ya m'maganizo cabe. Mlonda wace ndi Mzungu, ndipo eni dziko aoneka ngati anthu osatha kudziteteza okha. Umo ndimo m'mene olemba ambiri a ku America anali kuonetsera dziko lathu masiku amenewo.

Hanks analeka nchito ya makomiki m'caka ca 1941, atajambula nkhani ngati 50 pamodzi ndi za ngwazi zina, monga Stardust. Tsono ojambula ena anatenga Fantomah, namcotsera nkhope ya cigaza ija ndi mphamvu zace zambiri. Pambuyo pace anamuyesa mwana wa mafumu akale a ku Egypt. Motero anangofanana ndi akazi ena ambiri a m'makomiki a nkhalango, ndipo m'caka ca 1944 nkhani yace inatha. Timabukuto tinali ta pepala losalimba, ana nkumatitaya akatha kuwerenga. Posacedwa anthu anaiwala Fantomah pamodzi ndi mwini wace yemwe.

Zinapita zaka zambiri. M'caka ca 1983 magazini ochedwa Raw, a mu mzinda wa New York, anasindikizanso nkhani imodzi ya Stardust, ndipo amene anaiona anazizwa ndi kajambulidwe kace, popeza sikanafanane ndi ka munthu wina ali yense. Mmodzi wa iwo anali Paul Karasik, nayenso wojambula. Iyeyu anasonkhanitsa nkhani za Hanks kwa anthu osunga mabuku akale, nazisindikiza m'buku limodzi m'caka ca 2007. Bukulo linalandira mphotho ya Eisner mu 2008, ndipo laciwiri linaturuka mu 2009.

Pofufuza mbiri ya wojambulayo, Karasik anapeza mwana wace wamwamuna ali nkhalamba, namva kwa iye zacisoni. Hanks anali cidakwa cozunza mkazi ndi ana ace, ndipo anathawa banja lace asanayambe n'komwe nchito ya makomiki. Anamwalira ali wosauka mwezi wa January 1976, pamene anampeza atauma ndi cisanu pa mpando wa m'munda wopumuliramo mu New York. Munthu amene analanga oipa kolimba cotere pa pepala analephera kudzilanga yekha.

Popeza lamulo loteteza mwini nkhani silimgwiranso Fantomah, ali yense ali ndi ufulu wa kumjambula. Cotero m'caka ca 2017 a Chapterhouse, osindikiza a ku Canada, anaturutsa nkhani yatsopano ya Fantomah, yolembedwa ndi Ray Fawkes ndi kujambulidwa ndi Soo Lee.

Tsono taonani cinthu cimodzi. Fantomah amene anthu anabwerera kudzamfuna ndi uja woyamba wa nkhope ya cigaza, amene munthu mmodzi anampanga monga mwa maganizo a iye yekha. Uja anakonzedwa kuti afanane ndi anzace akumbukidwa ndi owerengeka okha. Inunso pojambula kapena polemba nthano, musafulumire kutaya canu cifukwa cakuti casiyana ndi ca anzanu.

MAFUNSO

1. Kodi nchito ya Hanks inasiyana bwanji ndi ya ojambula anzace?
2. Cinacitika n'ciani kwa Fantomah Hanks ataleka nchito?
3. Ndani anasonkhanitsa nkhani za Hanks, ndipo m'caka citi?
4. Jambulani zithunzi zinai zondondozana zosimba nthano ya kwanu.