Chikulepheretsa makontilakita a m'matauni kulowa m'zamakono nchiyani?

Aliyense amene adamangitsapo nyumba ku Machinjiri kapena ku Bangwe amalidziwa kope la kapitawo. Ndi kope lotuwa ndi fumbi, lopindika m'makona, momwe mumalembedwa matumba a simenti amene alowa, malole a mchenga ndi kwale amene atsitsidwa, komanso maina a aganyu oyenera kulandira Loweruka. Kopelo likanyowa ndi mvula kapena likasowa, mkangano wa mwini nyumba ndi kontilakita umasowa mboni.

Ntchito ya kopeli tsopano itha kugwiridwa ndi foni ndi kompyuta. Pali mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD ndi Revit, ena owerengera kuchuluka kwa zipangizo ndi mtengo wake, ndiponso tindege topanda woyendetsa tojambula malo kuchokera m'mwamba. Ku Britain boma lidalamula kuti kuyambira 2016 ntchito zake za zomangamanga zizitsata njira ya BIM, momwe wojambula mapulani, injiniya ndi womanga amagwirira ntchito pa chithunzi chimodzi cha nyumba pa kompyuta, kotero kuti paipi yofuna kudutsa pamene pali chipilala imaonekeratu njerwa isadaikidwe. Kuno kwathu maofesi akuluakulu ojambula mapulani adazolowera kale kompyuta, koma kontilakita wa antchito khumi wa ku Chilomoni akadali kutali.

Chopinga chachikulu ndi ndalama zakunja. Kampani ya Autodesk, eni ake a AutoCAD, idasiya mu 2016 kugulitsa pulogalamu yoti ukagula kamodzi ikhale yako mpaka kale. Tsopano umalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo mtengo wake umatsata ndalama za kunja. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zonse ziwirizo mtengo wa pulogalamu udakwera usiku umodzi, pamodzi ndi wa zitsulo ndi malata. Ngakhale amene ali ndi makwacha okwanira amakapeza kuti kubanki madola ndi osowa. Ndipo kontilakita amene akudikira malipiro a ntchito imene adamaliza kalekale, akauzidwa kuti asankhe pakati pa chiphaso cha pulogalamu ndi matumba a simenti, simenti ndiyo imapambana. Ambiri amathera pa mapulogalamu okopera mwakuba, amene nthawi zina amabwera ndi mavairasi n'kuononga mapulani a chaka chathunthu.

Za magetsi sizifuna kufotokoza kwambiri kwa munthu wokhala mu Blantyre. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Komanso pamalo pomangidwa nyumba magetsi amafika pomaliza, nyumba itatha. Foni ya kapitawo ikazima masana, kope ndilo limatsala.

Nkhani ya anthu ndiyo yovuta kuimasula. Amisiri ambiri aluso a ku Ndirande adaphunzira ntchito pogwirizira wilibala ya malume awo, ndipo diso lawo limaona khoma lopendekeka msanga kuposa wophunzira wa ku koleji. Koma mapulogalamuwa ali m'Chingerezi, ndipo adakonzedwa poganizira munthu wokhala pa desiki. Achinyamata otuluka ku MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, amawadziwa, kungoti kampani yaing'ono yodalira ntchito ya apo ndi apo singawalipire mwezi uliwonse. Akangopeza mwayi amapita ku makampani akuluakulu kapena kunja.

Palinso china chimene anthu sakonda kuchitchula poyera. Si onse okana zamakono amene amakana chifukwa cha kusadziwa. Kaundula wa pa kompyuta wosonyeza tsiku ndi ola limene thumba lililonse lidatuluka mu sitolo amatseka njira imene simenti imatulukira kuseri n'kukagulitsidwa pamsika. Amaululanso aganyu a m'kope amene sadagwirepo fosholo. Naye mwini kampani wozolowera kulandira ndalama pamanja sakondwera ndi chipangizo chosiya mapazi oti a msonkho n'kuwatsata. Apa maphunziro okha sangathandize, pakuti wokanayo akudziwa bwino chimene akukana.

Malo enieniwo nawo ali ndi mavuto ake. Mbali yaikulu ya matauniwa idakula popanda mapulani, nyumba zikukwera m'mapiri a Ndirande, Bangwe ndi Soche. Malire a puloti ambiri amadziwika ndi mtengo wa mango, ngalande ndi mawu a mfumu, osati ndi manambala amene makina opimira malo angawerenge. Kompyuta imafuna malire otsimikizika, ndipo pamene palibe, woipima molondola ndiye amaoneka woyambitsa mkangano. Chomvetsa chisoni nchakuti malo oterewa ndiwo amafunikira kwambiri mapu osonyeza kutsetsereka kwa nthaka ndi njira za madzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mapu otere atha kupangidwa lero, koma nyumba zambiri za m'matauni zimamangidwa mapulani ake osafika n'komwe ku Civic Centre kuti khonsolo iwaunike.

Pamene makontilakita akuzengereza, boma silikudikira. Bungwe la MRA lidasamutsira nkhani zambiri za msonkho pa Msonkho Online, ndipo bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, likukankhira matenda pa intaneti kudzera mu MANePS. Cholinga nchabwino: kuchepetsa maenvulopu osowa ndi mapepala osinthidwa usiku. Komabe kontilakita wolembetsedwa bwinobwino ku bungwe loyang'anira zomangamanga, lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC, atha kuluza ntchito yomanga midadada ya sukulu m'dera lake lomwe chifukwa netiweki idadula akutumiza zikalata. Ena amathamangira ku malo olipiritsa intaneti n'kupereka nambala zachinsinsi za kampani, ngakhalenso mitengo ya tenda, m'manja mwa mnyamata amene akutumikiranso opikisana nawo.

Chimene chalowa popanda kukakamiza ndi WhatsApp, Airtel Money ndi Mpamba. Zotsika mtengo, zomveka msanga, ndipo zimayenda pa foni imene mmisiri ali nayo kale. Amalawi okhala ku Johannesburg ndi Cape Town amene akumanga ku Machinjiri ndiwo adathandiza kufalitsa mchitidwewu: satumiza ndalama za gawo lotsatira asadaone zithunzi za pamene khoma lafika. Kontilakita wokana kutumiza zithunzi amataya makasitomala otere. Komatu chithunzi chimangoonetsa kutalika kwa khoma, sichinena kuti thumba limodzi la simenti adalisakaniza ndi mawilibala angati a mchenga. Nchifukwa chake omanga ali kunja ambiri amatumabe mchimwene kapena mlamu wawo kuti akakande pulasitala ndi chala.